Dzina Lolakwika Pangodya ya Chithunzi

Buku limene lidandionetsa mtsikana ameneyu ndidaligula m'mbali mwa msewu, kwa anyamata aja amayala mabuku akale pakhonde la sitolo. Lidali buku la mbiri ya zojambulajambula za ku Ulaya, lothothoka chikuto, ndipo chidandikopa kwenikweni chidali kutchipa kwake. Nditafika kunyumba n'kuyamba kulivundukula, ndidakakamira pa tsamba lina. Padali mtsikana wovala diresi lofiira, nsalu yabuluu paphewa, mkanda wakuda m'khosi ndi kachingwe kakuda pamphumi. Thupi lake lidalunjika mbali ina koma nkhope idacheukira mbali inayo, ngati munthu amene wamva wina akuodira pakhomo. M'manja mwake adafukata kanyama koyera konga likongwe, nako katacheukira komweko.

Pansi pa chithunzicho wolemba bukulo adalembapo kuti uyu ndi Cecilia Gallerani, ndipo adamujambula ndi Leonardo da Vinci cha m'ma 1490. Koma nditayang'anitsitsa pangodya yakumtunda chakumanzere, mumdima wa utoto wakuda, ndidaona timalemba tating'ono tolembedwa pachithunzi penipenipo: LA BELE FERONIERE, ndipo m'munsi mwake LEONARD D'AWINCI. Munthu mmodzi maina awiri, dzina la mmisiri nalo lolembedwa mwachilendo. Adalemba zimenezi ndani, ndipo adalemberanji? Funso limeneli ndi limene lidandiyambitsa kufufuza, ndipo zimene ndidapeza ndizo ndikufuna kukusimbirani. Ndi mbiri ya kathabwa kamodzi ka mtengo wa walnut, kotalika pafupifupi masentimita 54 ndi 39 m'lifupi, kamene kadutsa m'manja mwa akalonga, othawa kwawo, akuba ndi maboma kwa zaka zoposa 500.

Tiyambire mu mzinda wa Milan, kumpoto kwa dziko la Italy, pa nyengo imene azungu amaitcha Renaissance, kutanthauza kubadwanso kwa maphunziro ndi luso. Leonardo adafika mumzindawu cha m'ma 1482 kuchokera ku Florence, nayamba kugwira ntchito kwa Ludovico Sforza, amene ankalamulira Milan m'malo mwa mwana wa mbale wake. Kubwalo la Ludovico kudali mtsikana wina, Cecilia Gallerani, wobadwa mu 1473. Sadali wa banja lachifumu. Bambo ake adali wogwira ntchito za boma ndipo adamwalira iye ali wamng'ono. Koma Cecilia adaphunzira Chilatini pamodzi ndi alongo ake, ankalemba ndakatulo, ndipo ankatha kucheza ndi anthu ophunzira popanda kuchita manyazi. Ludovico adamutenga kukhala chibwenzi chake, mtsikanayo ali ndi zaka pafupifupi 16, mwamunayo atapitirira zaka 35. Pa nthawi imeneyi, pakati pa 1489 ndi 1491, ndi pamene Leonardo adamujambula.

Chikondi cha anthu aulamuliro chimayendera ndale. Mu Januwale 1491 Ludovico adakwatira Beatrice d'Este, mwana wa wolamulira wa Ferrara, Cecilia ali ndi pathupi. Mu Meyi chaka chomwecho Cecilia adabereka mwana wamwamuna, Cesare. Mkazi wapaukwati sadafune kukhala mpanda umodzi ndi mnzakeyo, choncho Cecilia adachotsedwa kunyumba yachifumu, ndipo mu 1492 adamukwatitsa kwa bwana wina wotchedwa Ludovico Carminati. Chithunzi chija adapita nacho. Mwini wake woyamba amene mbiri ikumudziwa bwino ndi yemweyo amene ali pachithunzipo.

Nanga kanyama kaja? Azungu amakatcha ermine. Ndi kanyama ka kumaiko ozizira, kamene ubweya wake umakhala wofiirira m'nyengo yotentha koma umasanduka woyera m'nyengo ya chisanu. Anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kanyamaka kamalolera kugwidwa ndi mlenje kusiyana n'kudetsa ubweya wake m'matope, motero kankaimira chiyero. Leonardo mwiniwake adalemba za chikhulupiriro chimenechi m'makope ake. Komanso mu 1488 mfumu ya ku Naples idapatsa Ludovico ulemu wa gulu lotchedwa ndi dzina la kanyama komweka, kotero kuti munthu wa ku Milan poona mtsikana atafukata ermine, ankadziwa amene akunenedwa. Palinso chachitatu: m'Chigiriki chakale nyama za mtundu umenewu zinkatchedwa gale, mawu amene akumveka koyambirira kwa dzina la Gallerani. Leonardo sadalembe dzina la mtsikanayo pathabwapo. Adalibisa m'kanyamako ngati ndagi, kuti odziwa amasulire okha.

Pali zolembedwa ziwiri za m'masiku a Cecilia zimene tiyenera kuzisunga m'mutu, poti tidzazifuna kutsogoloku. Choyamba ndi ndakatulo ya mizere 14 ya mlakatuli wa kubwalo la Ludovico, Bernardo Bellincioni, amene adamwalira mu 1492. M'ndakatuloyo adatamanda chithunzi cha Cecilia natchula kuti wochijambula ndi Leonardo. Chachiwiri ndi makalata a mu Epulo 1498. Isabella d'Este wa ku Mantua, mkulu wake wa Beatrice uja, adalembera Cecilia kupempha kuti amubwereke chithunzicho kuti achiyerekeze ndi zithunzi za mmisiri wina, Giovanni Bellini. Taganizani, wopemphayo adali mbale wa mkazi yemwe adamuchotsetsa kunyumba yachifumu. Cecilia sadakane. Adatumiza chithunzicho, koma m'kalata yake adachenjeza kuti sichikufanananso naye. Adati vuto silidali la mmisiri, amene iye ankakhulupirira kuti alibe wofanana naye, koma kuti adamujambula akadali mwana ndipo nkhope yake idali itasintha. Apo n'kuti ali ndi zaka 25 zokha.

Ludovico adathamangitsidwa ku Milan ndi asilikali a ku France mu 1499 ndipo adafera m'ndende ku France mu 1508. Leonardo adamwalira mu 1519, Cecilia mu 1536. Kuchokera apo mbiri ya chithunzichi imalowa m'tchire kwa zaka zoposa 250. Chidakatulukira cha m'ma 1800, pamene kalonga wa ku Poland, Adam Jerzy Czartoryski, adachigula ali ku Italy n'kuchipereka kwa amayi ake, Izabela Czartoryska. Pofika nthawiyo dzina la Leonardo lidali likuyendabe ndi chithunzicho, koma la Cecilia lidali litatayika m'njira.

Kuti timvetse chimene chithunzi cha ku Italy chidakachita ku Poland, tiyenera kudziwa kuti pa nthawiyo dziko la Poland kudalibe. Mu 1795 maiko atatu, Russia, Prussia ndi Austria, adatsiriza kuligawana ngati nyama ya pamsampha, dzina lake n'kufufutidwa pamapu. Mayi Izabela adaona kuti mtundu umene walandidwa dziko ukhoza kulandidwanso chikumbumtima. Choncho pamudzi pawo ku Puławy adamanga nyumba yosungiramo zinthu zakale za mtundu wawo, yomwe idatsegulidwa mu 1801 ndipo imawerengedwa ngati yoyamba ya mtundu umenewu ku Poland. Mu 1809 adatsegula nyumba yachiwiri ya zinthu zochokera kumaiko ena, ndipo mtsikana wathu adapachikidwa m'menemo.

Apa ndi pamene padabadwira dzina lolakwika lija. Ku Paris kuli chithunzi china cha Leonardo chodziwika ndi dzina loti La Belle Ferronnière, dzina la mkazi amene ankati adali chibwenzi cha mfumu Francis I ya ku France. Mayi wa pachithunzi chimenecho nayenso ali ndi kachingwe pamphumi. Izabela adakhulupirira kuti awiriwa ndi munthu mmodzi, ndipo akatswiri amaganiza kuti timalemba tija tidalembedwa cha m'nthawi imeneyi. Kalembedwe kake kakuulula dzanja: m'Chipolishi liwu la v amalilemba ndi w, n'chifukwa chake Vinci adasanduka Winci. Kanyama nako Izabela sadakazindikire. M'kaundula wake adalemba kuti ngati ndi galu ndiye kuti ndi wonyansa, ndipo ngati ndi nyama ina iye sakuidziwa. Ndagi ya Leonardo idafika kwa munthu amene ankachikonda chithunzicho ndi mtima wonse koma wopanda mfungulo yake.

Mu Novembala 1830 anthu a ku Poland adaukira ulamuliro wa Russia, ndipo Adam Jerzy adatsogolera boma la oukirawo. Atagonja mu 1831, iye adagamulidwa kuti aphedwe, koma adali atathawa. Malo a ku Puławy adalandidwa. Katundu wa m'nyumba zosungiramo zakale zija adali atasamutsidwa mobisa asilikali asadafike. Chithunzichi chidabisidwa kaye ku Sieniawa, mudzi wina wa banjali, kenako chidatsatira eni ake ku Paris, komwe Adam Jerzy adagula nyumba yotchedwa Hôtel Lambert mu 1843. Chidakhala kumeneko ngati wothawa kwawo pakati pa othawa kwawo anzake. Nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia ya mu 1870 ndi 1871, pamodzi ndi zipolowe zimene zidatsatira mu Paris, zidachititsa mwana wake, Władysław Czartoryski, kuona kuti nakonso kulibe chitetezo. M'zaka za m'ma 1870 adasamutsira katundu yense ku Kraków, mzinda umene udali m'manja mwa Austria, natsegula nyumba yoonetseramo zinthuzi yomwe ilipo mpaka lero.

Ku Kraków ndi kumene akatswiri adayamba kuchiyang'ana modekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena ankakayikira ngati chidalidi cha Leonardo, nkumati mwina adajambula ndi mmodzi mwa ophunzira ake. Mu 1900 katswiri wa mbiri ya zojambula wa ku Poland, Jan Bołoz Antoniewicz, adapereka ganizo lakuti mtsikanayu ndi Cecilia Gallerani. Ndakatulo ya Bellincioni ndi makalata a mu 1498 zidali umboni wakuti Leonardo adajambuladi Cecilia ali wamng'ono, ndipo chithunzicho sichinkadziwika kumene chili. Zolembedwazo sizitchula za kanyama, koma ofufuza atalumikiza msinkhu wa mtsikanayo, mavalidwe a ku Milan a nthawiyo, ulemu uja wa Ludovico ndi liwu la Chigiriki lija, zinthu zidagwirizana. Lero akatswiri ambiri amavomereza zonse ziwiri: dzanja ndi la Leonardo, nkhope ndi ya Cecilia. Padapita zaka 364 kuchokera pa imfa yake kuti dzina lake libwerere pa nkhope yake.

Koma mtendere sudakhalitse. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse chithunzichi chidasungidwa ku Dresden ndipo chidabwerera mu 1920. Mu 1939, mphekesera za nkhondo ina zitakula, banja la Czartoryski lidanyamula zinthu zamtengo wapatali kwambiri n'kukazitsekera kuseri kwa khoma ku Sieniawa komwe kuja. Pakati pa zinthuzo padali zithunzi zitatu zimene zidali mtima wa chuma chonsecho: mtsikana wa Leonardo, chithunzi cha mnyamata chojambulidwa ndi Raphael chimene Adam Jerzy adagulanso ku Italy, ndi chithunzi cha Rembrandt cha nkhani ya Msamariya wachifundo. Mu Sepitembala chaka chomwecho asilikali a ku Germany adapeza malo obisikawo naba ndalama zagolide ndi zokongoletsa. Zithunzi adazisiya, ndipo zimasimbidwa kuti pa cha Leonardo padapezeka chidindo cha jombo. Posakhalitsa akuluakulu a chipani cha Nazi, amene ankadziwa mtengo wa zithunzi kuposa asilikali wamba, adalanda zitatu zonsezo n'kuzitumiza ku Berlin. Zidasankhidwa kuti zikaikidwe m'nyumba yaikulu ya zojambula imene Adolf Hitler ankafuna kumanga ku Linz.

Hans Frank, bwanamkubwa amene Hitler adamuika kulamulira gawo lalikulu la Poland, adazibwezetsa ku Kraków kuti zikongoletse malo ake m'nyumba yachifumu ya Wawel. Ndikafika pamenepa ndimaima kaye. Munthu ameneyu ankakonda nyimbo, ankakonda zithunzi, ndipo ankadziwa kusiyanitsa chokongola ndi chonyansa. Komabe m'dera limene ankalamulira ndi mmene mudali misasa yopherako anthu ya Treblinka, Sobibor, Bełżec ndi Majdanek, ndipo Ayuda ndi anthu ena a ku Poland mamiliyoni adaphedwa iye akudya ndi kugona pafupi ndi nkhope ya Cecilia. Ife okonda luso timakonda kunena kuti luso limafewetsa mtima wa munthu. Mbiri ya chithunzichi imandikakamiza kunena mawu amenewa mosamala.

Mu Januwale 1945, asilikali a Soviet Union atayandikira, Frank adathawa ku Kraków. Mu Meyi asilikali a ku America adamugwira kunyumba yake pafupi ndi nyanja ya Schliersee ku Bavaria, napeza chithunzi cha Leonardo ndi cha Rembrandt. Cha Raphael padalibe. Frank adazengedwa mlandu ku Nuremberg napachikidwa pa 16 Okutobala 1946. Kubwerera kwa katundu wobedwayo kudatheka mwa zina chifukwa cha katswiri wina wa ku Kraków, Karol Estreicher, amene nthawi ya nkhondo adali ku London akulemba kaundula wa zinthu zimene dziko lake lidalandidwa. Kaundulayo adasindikizidwa mu 1944, nkhondo isadathe. Kumapeto kwa Epulo 1946 Estreicher adafika ku Kraków pa sitima yodzaza ndi katundu wobwezedwa, ndipo pali chithunzi cha kamera chomuonetsa atanyamula mtsikana wa Leonardo m'manja, asilikali ataima pambali pake. Mnyamata wa Raphael sadapezeke mpaka lero. Kwa zaka zambiri felemu yopanda chithunzi idapachikidwa m'nyumba ya Czartoryski kumudikirira.

Nkhondo itatha idafika nthawi ya makina. Chithunzichi chidaunikidwa ndi X-ray ku Warsaw m'zaka za m'ma 1950, kenako ku Washington mu 1992. Zotsatira zake zidaonetsa kuti mdima uja uli kumbuyo kwa mtsikanayo si wa Leonardo. Iye adapaka mtundu wotuwa wopita kubuluu, ndipo wina wake adadzapakapo utoto wakuda pambuyo pake, mwina m'zaka za m'ma 1800. Ngodya yakumtunda chakumanzere, pomwe pali dzina lolakwika, idathyokapo n'kumatidwa. Padapezekanso timadontho tosonyeza kuti Leonardo adayamba wajambula papepala, n'kuboolaboola m'mizere yake, n'kuwaza fumbi lakuda kuti chithunzicho chidindike pathabwa. M'malo ena mudatsalira zidindo za zala, poti mmisiriyu ankasalaza utoto ndi dzanja. Mu 2014 injiniya wa ku France, Pascal Cotte, atagwiritsa ntchito kamera yotha kuona zimene zili pansi pa utoto, adalengeza kuti Leonardo adachijambula katatu pathabwa lomwelo: poyamba mtsikana yekha wopanda kanyama, kachiwiri ndi kanyama kakang'ono kotuwa, kachitatu ndi kanyama kakakulu koyera kamene tikukaona lero. Ngati iye akulondola, ndiye kuti ngakhale chizindikiro cha Ludovico chidadzaikidwa m'manja mwa Cecilia pambuyo pake.

Funso la umwini lidapitirira. M'nthawi ya boma la chikomyunizimu katundu wa banja la Czartoryski ankayang'aniridwa ndi boma kudzera ku nyumba yosungiramo zakale ya dziko ku Kraków. Boma limenelo litagwa, umwini udabwerera kwa mdzukulu wa banjali, Adam Karol Czartoryski, amene mu 1991 adakhazikitsa bungwe losamalira chumachi. Pa 29 Disembala 2016 boma la Poland lidagula zonse: zinthu pafupifupi 86,000 ndi mabuku ndi zolembedwa pamanja pafupifupi 250,000, pamtengo wa mayuro 100 miliyoni, pomwe akatswiri ankati mtengo wake weniweni ukhoza kufika mayuro 2 biliyoni. Akuluakulu oyendetsa bungwe lija adatula pansi maudindo awo podandaula kuti sadafunsidwe. Ena adati boma lagula motchipa, ena adati lalipira chinthu chimene chidali kale cha mtundu wonse ndipo malamulo sakadalola kuti chigulitsidwe kunja mwachisawawa. M'pangano limenelo boma lidagulanso ufulu wolondola zinthu zimene zidasowa pankhondo, kuphatikizapo mnyamata wa Raphael. Kuyambira mu Disembala 2019 chithunzichi chili m'chipinda chakechake m'nyumba ya Czartoryski yokonzedwanso.

Ndikawerenga mndandanda wa onse amene adati chithunzichi ndi chawo, ndimakumbukira mawu a akuluakulu akuti mlendo ndi mame. Ludovico adafuna kuti chinene za ulemerero wake, nafera m'ndende. Izabela adafuna kuti chithandize kusunga mtundu wopanda dziko, ndipo pochita zimenezo adachipatsa dzina la munthu wina. Wina adachipaka mdima poganiza kuti akuchikonza. Frank adachiba. Boma lidachigula. Aliyense adali ndi mphamvu pa thabwalo kwa kanthawi, koma palibe mmodzi mwa amphamvuwa amene adabwezera mtsikanayo dzina lake. Adachita zimenezo ndi mlakatuli amene lero sawerengedwa kwenikweni, makalata awiri a amayi obwerekana katundu amene wina adawasunga osawakolezera moto, ndi mphunzitsi amene adakhala pansi kuwerenga mapepala akale. Chomwe chidathandiza kuti thabwalo libwerere kwawo ndi kaundula wolembedwa ndi munthu wothawa nkhondo. Ife amene timalemba, ndipo nthawi zina timadandaula kuti zolemba zathu zilibe owerenga, tisamafulumire kutaya mapepala. Amene adzawafune mwina sadabadwe.

Timalemba tija pangodya sitidafufutidwe, utoto wakuda nawo udakalipo. Poyamba zinkandipweteka kuti bodza likhale pamwamba pa mutu wa munthu amene dzina lake lenileni likudziwika. Tsopano ndikuganiza kuti adachita bwino kuzisiya. Popanda timalembato sindikadafunsa funso lililonse, ndikadangoti mtsikana wokongola n'kutsegula tsamba lina. Buku langa lija ndidakali nalo, chikuto ndidamata ndi pepala la khaki. Ndikalitsegula pa tsambalo ndimakumbukira kuti mwini nkhopeyo, ali ndi zaka 25, adalemba ndi dzanja lake kuti amene ali pathabwapo sakufanananso naye, koma adalitumizabe ku Mantua kuti ena akaone.